Mphesa za vinyo: wofulumira kapena wochedwa? Kusankha mtundu molingana ndi nyengo ya malo

Pa 2 Febuluwale 1659, Jan van Riebeeck, mtsogoleri wa Adatchi amene anakhazikika ku Cape, ku South Africa, analemba kuti tsiku limenelo anafinya vinyo koyamba kuchokera ku mphesa za ku Cape. Mpaka lero Febuluwale ndiye mwezi wa piringupiringu m'minda ya mphesa ya ku Western Cape, koma ntchito yokolola siyambira pamenepo, ndipo sithera pamenepo. Pa famu imodzimodzi ya ku Stellenbosch, Chardonnay ndi Pinot noir wa vinyo wathovu amadulidwa mu Januwale, pomwe Cabernet Sauvignon amatha kukhalabe m'munda mpaka kumapeto kwa Malichi. Dothi ndi lomwelo, dzuwa ndi lomwelo, koma pakati pali miyezi iwiri. Mtundu uliwonse wa mpesa uli ndi kalendala yake, ndipo amene akufuna kubzala ayenera kudziwa nthawi ziwiri za mtundu umene akuuganizira: nthawi yophukira ndi nthawi yakupsa. Ambiri amangofunsa za yachiwiriyi, n'kuiwala kuti ziwirizi siziyendera limodzi nthawi zonse.

Mmene mpesa umayendera m'chaka

Mpesa umagona m'nyengo yozizira, masamba onse atayoyoka. Umadzuka kutentha kwapakatikati kwa tsiku kukafika madigiri 10, ndipo ku Cape zimenezi zimachitika kuyambira kumapeto kwa Ogasiti mpaka mu Seputembala. Patatha milungu 6 mpaka 9 chiphukireni, maluwa amatseguka, cha mu Okutobala ndi Novembala. Maluwawa amafuna madigiri 20 mpaka 25 ndi nyengo youma. Kukazizira kutsika pa 15, kapena kukagwa mvula ya masiku angapo, maluwa ambiri amayoyoka osagwira, kapena tsango limakhala ndi zipatso zosakanikirana, zina zazikulu zina zonga mikanda zopanda njere. Chinthu china chimene chimabisika n'chakuti m'milungu yomweyi, mkati mwa maso a nthambi zatsopano, mukupangika matsango a chaka chamawa. Mitambo ndi kuzizira kwa mu Novembala kumachepetsa zokolola za zaka ziwiri.

Kenaka zipatso zimakula zili zolimba ndi zowawasa, mpaka nthawi imene zimafewa n'kusintha mtundu, imene alimi a mphesa amaitchula kuti veraison, kumapeto kwa Disembala ndi mu Januwale. Kuyambira apa shuga amakwera, asidi amatsika. Alimi a ku Burgundy, ku France, ali ndi kawerengedwe kakale: masiku 100 kuchokera pa maluwa kufika pokolola. N'kothandiza pokonzekera antchito ndi mabokosi, koma si koti n'kudalira posankha tsiku lodula.

Kuti mudziwe ngati malo ali ndi kutentha kokwanira, pali kawerengedwe kamene Amerine ndi Winkler a ku California anafalitsa mu 1944. Tengani kutentha kwapamwamba ndi kwapansi kwa tsiku, muphatikize, mugawe pawiri, muchotsepo 10. Tsiku la madigiri 28 masana ndi 14 usiku limapereka 11. Muphatikize masiku onse kuyambira 1 Okutobala mpaka 30 Epulo, omwe ndi masiku 212. Zikapanda kufika 1389, malowo ndi ozizira, ndipo ndilo gawo loyamba. Kuyambira 1389 mpaka 1667 ndi gawo lachiwiri. Mpaka 1944 lachitatu. Mpaka 2222 lachinayi. Kupitirira apo ndi malo otentha kwambiri. Kawerengedwe ka Pierre Huglin ka mu 1978 kamapereka mphamvu yochuluka ku kutentha kwa masana ndi kutalika kwa tsiku, ndipo kamayika mitundu pamzere: Müller-Thurgau pa 1500, Chardonnay, Pinot noir, Sauvignon blanc ndi Riesling pa 1700, Cabernet franc pa 1800, Cabernet Sauvignon, Merlot ndi Chenin blanc pa 1900, Syrah, Grenache ndi Cinsaut pa 2100, Carignan pa 2200. Manambalawa amanena kutentha kochepetsetsa kumene mtunduwo ungapsere. Sanena kuti pamwamba pake vinyo adzakoma.

Nkhani yaikulu ili apa. Mphesa zabwino za vinyo ndi zimene zimapsa kumapeto kwa nyengo yotentha, usiku utayamba kuzizira. Katswiri wa ku Bordeaux ku France, Cornelis van Leeuwen, amaika nthawi imeneyi pakati pa 10 Seputembala ndi 10 Okutobala ku Ulaya, zomwe kum'mwera kwa dziko lapansi ndi Malichi mpaka kumayambiriro kwa Epulo. Mphesa zikapsa nthawiyi isanakwane, zimapsa pamoto: shuga amathamanga, asidi amasungunuka usiku wofunda, ndipo kukatentha kupitirira madigiri 30 khungu la mphesa zofiira limalephera kupanga mtundu wokwanira. Pa 35 masamba amangotseka timabowo take, ntchito n'kuima. Zikachedwa kupitirira nthawiyi, zimakumana ndi mvula ndi kuzizira zisanakhwime.

Ofulumira konsekonse: Chardonnay, Pinot noir, Pinotage

Chardonnay ndi Pinot noir amaphukira msanga ndipo amapsa msanga. Kumalo ozizira kumene nyengo yotentha ndi yaifupi, monga Champagne, Burgundy, kapena Kent ndi Sussex ku England, ubwino wawo ndi womwewo: amamaliza ntchito chisanu chisanabwerere. Mtengo wake amalipira kumayambiriro. Mphukira yanthete imawauka pa madigiri 2 pansi pa ziro. Mu 2021 kumapeto kwa Malichi kunafunda kwambiri ku France, mipesa inadzuka msanga, ndipo chisanu cha sabata yoyamba ya Epulo chinapeza Chardonnay wa ku Burgundy ataphukira kale. Alimi anayatsa makandulo usiku wonse pakati pa mizere, koma zokolola za mphesa zoyera zinatsikabe kwambiri. Diso lililonse lili ndi mphukira yachiwiri yobisika imene imatuluka yoyamba ikafa, koma matsango ake amakhala ochepa ndipo amapsa mochedwa, choncho munda umodzi umakhala ndi zipatso za misinkhu iwiri.

M'mphepete mwa nyanja ku Cape chisanu chotere sichichitikachitika. Vuto la Chardonnay kumeneko ndi lina: nyengo yozizira ikakhala yofunda, maso ake amaphukira mosiyanasiyana, ena lero ena patatha milungu iwiri, ndipo kusiyanaku kumapitirira mpaka pokolola. Mphepo ya kum'mwera chakum'mawa, imene amaitchula kuti Cape Doctor, imathyolanso nthambi zake zanthete ndi kusokoneza maluwa. Komabe Chardonnay ndi wopirira kuposa mnzakeyu. Ku Robertson, pa dothi la laimu ndi madzi a mthirira ochokera mu mtsinje wa Breede, amachita bwino ngakhale kuti kumatentha. Pinot noir sakhululuka choncho. Khungu lake ndi lopyapyala, matsango ake ndi othinana, ndipo akapsa mu kutentha kwa Febuluwale amataya fungo lake lonse. N'chifukwa chake ku South Africa mumamupeza ku Hemel-en-Aarde pafupi ndi Hermanus, kumene Tim Hamilton Russell anagula malo mu 1975, ndi ku Elgin, chigwa chokwera cha maapozi kumene kukolola kumachedwa ndi milungu ingapo poyerekeza ndi Stellenbosch. Wobzala Pinot noir pamalo a gawo lachinayi akhale ndi cholinga chimodzi chokha: kumudula msanga, shuga ali pa 18 mpaka 20 pa Balling, muyeso wa shuga m'madzi a mphesa, kuti akhale wa vinyo wathovu wa Cap Classique.

Pinotage, amene Abraham Izak Perold anamupanga ku Stellenbosch pokwatitsa Pinot noir ndi Cinsaut, anatengera kufulumira kwa Pinot noir koma ali ndi khungu lokhuthala ndipo amapirira kutentha. Kawirikawiri ndiye mphesa yofiira yoyamba kulowa mosungiramo vinyo. Msampha wake ndi shuga amene amatha kudumpha m'masiku ochepa otentha. Mukachedwa sabata imodzi, vinyo amakhala ndi mowa wa 15 peresenti.

Ophukira mochedwa koma opsa msanga

Awa ndi amene wolima kuchigwa cha chisanu ayenera kuyamba kuwaganizira. Meunier amaphukira pambuyo pa Pinot noir koma amapsa nthawi yofanana kapena msanga pang'ono, ndipo n'chifukwa chake ndiye wadzaza chigwa cha Marne ku Champagne, kumene mpweya wozizira umakhazikika usiku. Sauvignon blanc nayenso amachedwa kuphukira poyerekeza ndi Chardonnay koma sachedwa kupsa. Iye vuto lake ndi fungo: kafungo kake ka udzu ndi zipatso kamathawa dzuwa, choncho amafuna malo a mphepo ya kunyanja monga Constantia, Durbanville, Darling ndi Elim, komanso masamba okwanira kuphimba matsango. Ndi wamphamvu pokula, ndipo pa dothi lachonde amapanga chitsamba chothinana chimene chimasunga chinyezi, matsango n'kuola. Mafamu ambiri amamudula kawiri kapena katatu, gawo lina msanga kuti apeze asidi, gawo lina mochedwerapo kuti apeze kukoma, n'kusakaniza pambuyo pake.

Ophukira msanga koma opsa mochedwa

Pa pepala gulu ili ndi loopsa kwambiri, chifukwa limakumana ndi chisanu kumayambiriro ndi mvula kumapeto. Ku chigwa cha Loire ku France, kwawo kwa Chenin blanc, zimenezi n'zoona, ndipo pali zaka zimene sapsa mokwanira. Koma mpesa womwewo ku Cape, kumene amautchulanso kuti Steen, ndiwo wobzalidwa kwambiri kuposa mtundu wina uliwonse. Chifukwa chake n'chakuti Chenin amasunga asidi ngakhale kutenthe, ndipo ku Cape mvula imagwa m'nyengo yozizira, osati pokolola. Ku Swartland mipesa yakale ya Chenin imalimidwa ngati zitsamba, yopanda mawaya ndiponso yopanda mthirira, masamba ake akuchita mthunzi pa matsango. Zofooka zake ndi matsango othinana amene amaola msanga mvula ikagwa mu Febuluwale, ndi chizolowezi chobereka mopitirira muyeso. Mukamusiya abereke mmene akufunira, vinyo amakhala wamadzimadzi.

Grenache ali m'gulu lomweli. Nthambi zake zimaima chilili, sizithyoka ndi mphepo, ndipo amapirira chilala kuposa Merlot ndi Syrah. Chilala cha 2015 mpaka 2018 chitavuta ku Western Cape, alimi ambiri anayamba kumuyang'ana ndi maso atsopano. Koma maluwa ake amayoyoka mosavuta kukazizira, ndipo amafuna shuga wokwera kuti akome, choncho pamalo ozizira n'kutaya nthawi.

Ochedwa konsekonse: Cabernet Sauvignon, Mourvèdre, Riesling

Cabernet Sauvignon amaphukira pafupifupi milungu iwiri pambuyo pa Chardonnay, choncho chisanu chimamuphonya kawirikawiri. Zipatso zake ndi zazing'ono, khungu ndi lokhuthala, matsango ndi otakasuka, ndiye mvula yapang'onopang'ono ya kumapeto simuoletsa msanga. Pamalo otentha monga mapiri a Simonsberg ndi Helderberg, pafupi ndi Stellenbosch, kuchedwa kwake ndi chuma: kutentha kwa Febuluwale kumamupeza asanafike pachimake, ndipo amamalizira kupsa mu Malichi usiku ukuzizira. Mukamuika pamalo ozizira kwambiri, kapena mukamusiya mumthunzi wa masamba ake, vinyo amanunkha ngati tsabola wobiriwira. Fungoli limachokera ku mankhwala achilengedwe otchedwa methoxypyrazine, amene amachepa kwambiri ngati matsango akuona kuwala asanasinthe mtundu. Ku Cape palinso mdani wina wa mitundu yochedwa, matenda a vairasi opinda masamba amene amafalitsidwa ndi tizilombo toyera tokhala pansi pa khungwa. Amachedwetsa kupsa, ndipo mpesa umene uli wochedwa kale sumaliza n'komwe. Mbande zikhale zotsimikizidwa kuti zilibe vairasi.

Anthu a ku Bordeaux amabzala Merlot pambali pa Cabernet ngati chitetezo. Merlot amapsa sabata imodzi kapena ziwiri msanga, choncho chaka cha mvula ya kumapeto amapulumutsa zokolola, pomwe chaka cha chisanu cha mu Epulo kapena maluwa oyoyoka, Cabernet ndiye amapulumutsa. Koma Merlot sakonda ludzu kapena kutentha kwadzidzidzi. Amafuna dothi la makande losunga chinyezi, ndipo ndiye akuvutika kwambiri pamene dziko likufunda. Syrah ali pakati: amaphukira mochedwerapo, amapsa pakatikati, koma zipatso zake zikangofika pachimake zimayamba kukwinyika ndi kutaya madzi, moti nthawi yabwino yomudulira ndi ya masiku ochepa. Mourvèdre ndiye wochedwetsetsa, wofuna dzuwa ngati la ku Bandol, kum'mwera kwa France, ndi madzi okwanira ku mizu. Riesling ndi wodabwitsa pagululi: amachedwa kuphukira ndi kupsa, koma safuna kutentha, amafuna nyengo yakupsa yaitali, yozizira ndi youma, ngati ya ku Mosel ku Germany.

Nyengo ikasuntha: njira zinayi ndi mtengo wake

Ku Beaune, m'dera la Burgundy, masiku oyamba kukolola akhala akulembedwa kuyambira mu 1354. Kafukufuku wa mu 2019 anapeza kuti kuyambira 1988 kukolola kumayamba masiku 13 msanga poyerekeza ndi zaka mazana asanu ndi limodzi zapitazo. Kutanthauza kuti mphesa zikukankhidwira ku masiku otentha kwambiri a chaka, ndipo kutentha kumene zimapseramo kumakwera pa zifukwa ziwiri: chifukwa cha dziko lofunda, komanso chifukwa cha mwezi umene zikupsa.

Njira yotsika mtengo ndi kuchedwetsa kutengulira. Mpesa umayamba kuphukira ku nsonga za nthambi, maso a m'munsi akudikira. Ndiye m'nyengo yozizira mumangodula nthambi pang'ono, n'kusiya maso 6 kapena 8. Maso a kunsonga akaphukira ndi kutulutsa timasamba tiwiri kapena titatu, mumabwerera n'kudula mpaka pa maso awiri. Maso a m'munsiwa amadzuka mochedwa ndi sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo ngati chisanu chabwera, chimapha mphukira zimene zikanadulidwabe. Cholakwika chimene chimachitikachitika ndi kuchedwa mopitirira: mphukira za kunsonga zikatalika kupitirira masentimita 10, mpesa umakhala utawononga chakudya chake chosunga, ndipo zokolola zimatsika kwambiri. Dziwaninso kuti kuchedwa kwa milungu iwiri pophukira kumasanduka masiku ochepa pokolola, chifukwa mpesa umathamanga kukatentha. Njirayi imathandiza kwambiri pa chisanu kusiyana ndi pa kutentha.

Yachiwiri ndi kusamala masamba. Kilogalamu imodzi ya mphesa imafuna pafupifupi sikweya mita imodzi ya masamba oona dzuwa kuti ipse bwino. Kuchotsa masamba ena a pamwamba pa matsango, zipatso zitayamba kusintha mtundu, kumachedwetsa shuga ndi sabata imodzi kapena ziwiri. Masamba a pafupi ndi matsango achotsedwe kumbali ya dzuwa la m'mawa kokha, ndiponso msanga, zipatso zili ngati nandolo, kuti khungu lizolowere. Kuvundukula matsango mu Januwale kumbali ya dzuwa la madzulo kumawapserezeratu tsiku limodzi lokha.

Yachitatu ndi ya amene akubzala munda watsopano: malo ndi tsinde. Mamita 100 aliwonse okwera amachotsa pafupifupi digiri 0.6, ndipo kum'mwera kwa dziko lapansi malo otsetsereka oyang'ana kum'mwera ndi ozizira kuposa oyang'ana kumpoto. Koma kukwera kumabweretsanso chisanu, ndipo pansi pa chigwa m'pamene mpweya wozizira umasonkhana. Popeza kachilombo ka phylloxera, kowononga mizu ya mpesa, kanafika ku Cape mu 1886, mipesa imalumikizidwa pa matsinde a ku America, ndipo tsindelo limasintha kalendala: 101-14 Mgt amafulumizitsa kupsa koma safuna chilala, pomwe Richter 110 ndi Ruggeri 140 amazika mizu mwakuya, amapirira ludzu ndi kuchedwetsa pang'ono.

Yachinayi, kusintha mtundu weniweniwo, ndiyo yamphamvu kuposa zonse, chifukwa imasuntha kukolola ndi milungu inayi kapena kuposa. Ndiyonso yodula. Mpesa watsopano umabereka koyamba chaka chachitatu, ndipo munda umakhala zaka 25 kapena 30. Kulumikiza mtundu watsopano pa thunthu lakale kumataya zokolola za chaka chimodzi chokha, koma ngati thunthulo lili ndi vairasi, mtundu watsopano umaitengera. Ngakhale Bordeaux, kumene malamulo a mitundu ndi okhwima, mu 2021 analoleza Touriga Nacional, Marselan, Arinarnoa, Castets, Alvarinho ndi Liliorila, koma pa 5 peresenti ya munda ndi 10 peresenti ya vinyo wosakaniza basi. Pa njira zinayizi, amene mphesa zake zikupsa milungu itatu msanga kuposa mmene ziyenera asadzinamize ndi lumo lodulira. Mtunduwo suli pamalo pake.

Kumene mvula imagwa m'nyengo yotentha

Zonsezi zikunena za malo amene mpesa umagona m'chisanu. Ku Malawi, kum'mawa kwa Zambia ndi ku Tete, kalendala ya ku Cape ingaike kupsa mu Januwale ndi Febuluwale, pakati penipeni pa dzinja. Zipatso zimamwa madzi n'kung'ambika, shuga sakwera, ndipo matenda a chuku otchedwa downy mildew amayamba pakangogwa mvula ya mamilimita 10, kutentha kuli pamwamba pa madigiri 10, masamba n'kukhala onyowa kwa tsiku lathunthu. Mankhwala a kopa amateteza matendawa asanalowe, sachiza, ndipo mvula imawatsuka.

Kumadera otere tsiku lotengulira ndilo limalamula kalendala. Ku Dodoma ku Tanzania, kumene ndi kouma, amakolola kawiri pachaka, ndipo mphesa za m'chilimwe, cha mu Ogasiti ndi Seputembala, ndizo zabwino kuposa za m'nyengo ya mvula. Ku Minas Gerais ku Brazil, kumene mvula imagwa miyezi yofanana ndi yathu, amatengulira kawiri: cha mu Ogasiti kuti mpesa upange nthambi, matsango onse n'kuchotsedwa, kenaka mu Januwale kapena Febuluwale kuti ubereke, n'kukolola mu Julayi ndi Ogasiti, masana kuli dzuwa usiku kukuzizira. Syrah ndiye wachita bwino kwambiri pa njirayi. Mtengo wake ndi wakuti maluwa amatseguka mvula ikugwabe, choncho kupopera mankhwala kumakhala kwa sabata ndi sabata mpaka mu Epulo, ndipo mthirira umafunika zipatso zikamakula.

Popanda chisanu chodzutsa maso, alimi amapaka hydrogen cyanamide, amene amagulitsidwa ndi dzina la Dormex, pa maso atangotengulira. Ndi mankhwala oopsa, amene mayiko a European Union anawaletsa mu 2008. Amawotcha khungu, choncho magolovesi, zotchinga maso ndi zovala zophimba thupi lonse n'zofunika, ndipo wopaka asamwe mowa tsiku loti mawa apaka, tsiku lopakalo ndi tsiku lotsatira, chifukwa mankhwalawa amatseka njira imene chiwindi chimaphwanyira mowa. Nkhope imafiira, mtima umathamanga, ndipo munthu amatha kukomoka.

Kaya ndi kuti, tsiku lodula limachokera ku zipatso zenizeni. Kuyambira milungu itatu musanayembekeze kukolola, tolani zipatso 100 mpaka 200 m'mawa, kawiri pa sabata, mbali zonse ziwiri za mzere, pamwamba, pakati ndi pansi pa matsango, osasankha zokongola zokha. Mphesa zoyera zambiri zimadulidwa pa Balling 21 mpaka 23, pH, muyeso wa asidi, ili pakati pa 3.1 ndi 3.4; zofiira pa 23 mpaka 25, njere zitasanduka zofiirira ndi zokhukhuta mukaziluma. Shuga akadumpha mwadzidzidzi pambuyo pa masiku otentha pomwe njere zikadali zobiriwira, yesani kulemera kwa zipatso 100 zija: ngati kwatsika, ndi madzi amene auma, mphesa sizinapse, ndipo kuthirira pang'ono ndi kudikira masiku atatu kapena anayi kumabweza muyeso pamalo pake.